Rileyi ya a Dafuleni

"Ngati inu simupita kumaliroko, ndipita ndekha, ndipo ndikanena zonse!"

"Ukanena chiyani? Waya umamudziwa iwe?"

"Waya sindimudziwa, koma makutu ndili nawo. Munamuuza munthu uja kuti abwere mawa. Mawa lake ndi limeneli?"

"Tsitsa mawu, mkazi iwe!"

Awa anali a Makwinja ndi akazi awo, amake Elube, m'mawa wa Lachinayi lina m'mwezi wa Juni. Ine ndinali kuseri kwa khoma, ndikuyamwitsa Ulemu wanga. Musaganize kuti ndimatchera khutu dala ayi. Amene anakhalapo m'nyumba za mdadada ku Manase akudziwa: khoma lake ndi la njerwa imodzi ndipo silifika kudenga. Mnzako akayetsemula, iwe ndiye umapukuta mphuno. Amuna anga ndi alonda, amachoka dzuwa likupendeka n'kubwera kutacha, ndiye m'nyumbamo timangotsala ine, mwana, ndi mawu a anthu a kuseri.

A Makwinja anali mmisiri wa magetsi a galimoto. Galaja analibe. Ntchito ankagwirira pansi pa mtengo wa kesha umene unali patsogolo pa nyumba zathu, ndipo benchi langa la tomato ndi nsinjiro linali pomwepo, pamthunzi womwewo. Sukulu ndinalekera Sitandade 6, koma maso sindinawasiye kusukuluko. Zaka ziwiri ndikuwaona akukwawa pansi pa chiwongolero, ndinadziwa zambiri.

Anthu ankabwera kudzaikitsa zinthu zimene galimoto sinabadwe nazo: nyali zoonjezera zotchedwa masipoti, hutala yolira ngati ng'ombe, wailesi yogwedeza mipando. Aliyense wobwera ankalandira ulaliki womwewo. A Makwinja ankatenga kabokosi kakuda ka timiyendo tinayi n'kukaonetsa m'mwamba.

"Iyi ndi rileyi, achimwene. Swichi ndi bwana, imangolamula. Wonyamula moto ndi uyu. Mukamusenzetsa bwana thumba la chimanga, msana uthyoka. Ndipo iyi ndi fyuzi. Fyuzi ndi mlonda, amafa yekha kuti nyumba ipulumuke."

Akafika pa mlondapo ankandiyang'ana ine n'kuseka. Ine sizinkandisangalatsa, koma ndinkangoti, "Mlonda wanga musiyeni, bambo a Elube."

Analinso ndi lamulo lawo limene ankanyadira nalo kuposa zonse. Akamaliza ntchito ankapukuta manja, kutsegula chitseko cha kutsogolo, n'kukhala pambali pa dalaivala.

"Ine galimoto sindiipereka ndisanakwere nayo. Tiyeni tikaiyese. Ikapsa tipsere limodzi."

Ankapita mpaka pa mlatho n'kubwerera, akuyatsa ndi kuzimitsa, akununkhiza ngati galu kuti amve ngati pali waya amene akutentha. Sindinawaonepo akuphonya lamulo limeneli, kupatula tsiku limodzi.

Linali Lolemba la sabata ya malirowo. Dzuwa litatsala pang'ono kulowa, inaima minibasi yoyera ya Nchalo. Dalaivala wake anali a Dafuleni, bambo wamtali wa ku Chigwa, woseka ndi thupi lonse. Anatsitsa katoni ya masipoti anayi akuluakulu.

"Amisiri, chiperoni chandikwana m'mapiri muja. Msewu sindikuuona. Ndiikireni awa."

A Makwinja anagwedeza chitini chawo cha marileyi. Munalibe kanthu.

"Marileyi andithera, ndipo masitolo m'tauni atseka. Bwerani mawa."

"Nkhungu imadikira mawa? Anthu andidzadzira kale pasiteji, kondakitala akungondiimbira. Inu ndinu dokotala, pangani chilichonse."

A Makwinja anakana kawiri. Kachitatu ndinawaona akutenga pulayala. Anasenda waya wa nyali zazikulu n'kulumikiza masipoti onse anayi pomwepo, bwana uja n'kumusenzetsa matumba anayi. Atayatsa, fyuzi inafa. Anaika ina, inafanso. Apo anayang'ana uku ndi uku, n'kupota timawaya ta mkuwa, n'kutilowetsa pamalo pa fyuzi. Masipoti anayaka kuti ngwee, mpaka nkhuku zimene zinali zitakwera kale mu kesha zinadzidzimuka.

"Lero lokha," anatero a Makwinja. "Musawayatse nthawi yaitali. Mawa mubwere ndiike rileyi."

"Mawa ndili pano. Ine ndikati ndibwera, ndimabwera."

A Dafuleni anagula mtedza wokazinga pabenchi langa, anamugwira Ulemu patsaya, n'kukwera. A Makwinja anali atagwira kale chitseko cha kutsogolo kuti akwere nawo, koma minibasi inanyamuka. Dzanja lawo linatsala m'malere.

Lachiwiri sanabwere. Lachitatu madzulo, akutsika mapiri a ku Chikwawa m'kati mwa nkhungu, magetsi onse anazima nthawi imodzi. Kondakitala, amene anapulumuka, anauza anthu kuti anaona utsi ukutuluka pansi pa chiwongolero, kenako mdima. Minibasi inapezeka pansi pa phompho. Anafa anthu asanu ndi awiri, a Dafuleni pamodzi.

Kumaliro a Makwinja sanapite. Amake Elube nawonso, ngakhale anaopseza, sanapite. Lachisanu bamboyo anapita m'tauni n'kubwera ndi marileyi asanu ndi imodzi atsopano. Ndinawamva akugwera m'chitini mmodzimmodzi. Mumtima ndinati, mwakumbukira fosholo maliro ataikidwa kale.

Zinayamba ndi kaphokoso.

Madzulo ake, nthawi imene dzuwa lalowa koma mdima sunakhwime, ndikusambitsa mwana, ndinamva kuti tha. Patapita kanthawi, tha. Ndinati ndi malata akuzizira. Koma malata amalira kudenga, ndipo aka kamachokera pansi, kuseri kwa khoma, pamene a Makwinja ankaika bokosi la zipangizo. Kaphokoso kameneka ndinkakadziwa. Ndinali nditakamva kambirimbiri pansi pa kesha: munthu akadina swichi, rileyi imayankha kuti tha.

"Mwasiya chiyani choyaka m'bokosimo?" anafunsa amake Elube.

"Mulibe batire m'menemo."

"Nanga chikulira n'chiyani?"

Ndinamva a Makwinja akukoka bokosi, kutsegula chitini. Kaphokoso kanaleka. Atangotseka, tha.

M'mawa anabwera pabenchi langa nkhope ili gwa.

"Amake Ulemu, simunaone munthu akulowa kwathu? Marileyi anali asanu ndi imodzi, atsala asanu."

"Ine rileyi ndikaphika ndi chiyani, bambo a Elube?"

Sanaseke. Tsiku lotsatira, ndikusesa pakhomo m'mamawa, ndinaipeza rileyiyo ili pa sitepe pawo. Inali yonyowa, timiyendo take titapindika ngati wina amaikankhira pamalo posayenera, ndipo inali ndi dothi lofiira ndi udzu wouma. Kwathu kuja dothi lake ndi lakuda. Ndinaizungulira ndi tsache, osaikhudza.

Zinapitirira choncho. Madzulo tha, tha. M'mawa rileyi yasowa. Mkucha wake ili pa sitepe, yopindika, yamatope. Amake Elube anandiuza ku mpopi, monong'ona, kuti tesita ya amuna awo, kababu kaja koyesera moto kamene ankakapachika pa msomali, kanayamba kumayaka kokha, mofiira ngati khala, waya wake akungolendewera osakhudza kanthu. Ndipo fungo. Ilo sindinachite kuuzidwa, linkadutsa pamwamba pa khoma: fungo la waya wopsa. Linalowa m'zovala, m'mabulangete, mpaka m'matewera a mwana. Amuna anga anafunsa ngati ndayamba kukolezera moto ndi mapulasitiki.

Sabata yachiwiri, mayi wina wa kumtunda akugula tomato anati, "Kodi amisiri aja alipo? Dzulo bambo wina anandiimitsa pamsewu, amafunsa kwawo. Ndinamulozera, koma sanasunthe. Akuti anauzidwa kuti abwere mawa."

"Anali wotani?"

Mayiyo anaganiza, n'kuseka mwamanyazi. "Mukudziwa, nkhope yake sindinaione bwino. Wamtali."

Ine ndinamuona Lachitatu. Ndinali ndikulongedza tomato m'dengu, Ulemu ali kumsana akuimba tinyimbo take topanda mawu. Mwadzidzidzi anasiya. Ndinamva thupi lake likuuma ngati chikuni. Nditadzutsa mutu, panali munthu kumapeto kwa benchi, chakumsewu. Sindinamve mapazi ake akubwera. Anavala jekete. Lole inadutsa nyali zili ngwee, kuwala kunamenya mtengo, benchi, manja anga, koma pa iye kunangodutsa ngati madzi pa tsamba la koko.

"Mayi, amisiri alipo?"

Mawu ake anali aulemu, otopa, ngati munthu amene wayenda mtunda wautali wapansi.

"Atuluka," ndinanama. A Makwinja anali m'nyumba, atakhoma chitseko.

"Anati ndibwere mawa."

Ndinaweramira m'dengu. Nditayang'ananso, panalibe munthu, koma fungo lija linali pamenepo. Kutacha, tomato yense amene anali mbali imeneyo ya benchi anali atafewa, wakuda mkati. Ndinakataya kudzala, ndipo nkhuku sizinamutompheko.

Ndinawauza amake Elube zonse. Anakhala pansi pakhonde langa, miyendo atatambasula ngati namfedwa.

"Ndinawauza ine," ankangotero. "Ndinawauza."

Amake Elube anayesetsa, ndisaname. Anaitana amayi a mvano, anadzaimba ndi kupemphera mpaka mawu kusasa. Atangoti amen, m'bokosi munati tha, ndipo amayi aja anatuluka osatsanzika, wina kuiwala nsapato. Kenako amake Elube anawanyengerera amuna awo kuti akakhaleko kwa achimwene awo ku Lunzu. Anapita, anatha masiku anayi, anabwera ataonda, maso atalowa m'kati.

"Kumenekonso amafika," ndinawamva akunena. "Amaima pa mpanda."

Makasitomala anali atayamba kale kuthawa. Wa takisi wina anabwera akukalipa kuti masipoti amene anamuikira chaka chatha akumayaka okha galimoto ili chiimire, makiyi ali m'thumba. Wina anati hutala yake ikumalira yokha akafika pa mlatho. Pansi pa kesha panamera udzu.

Pomaliza amake Elube anamanga shuga ndi chitenje chatsopano, anakwera basi kupita ku Nchalo kukaonana ndi akazi a malemuwo. Anabwera tsiku lomwelo, n'kufikira kwa ine asanalowe kwawo.

"Ndinagwada, amake Ulemu. Ndinanena zonse, za waya, za fyuzi, zonse. Ndimati andimenya. Koma mayi uja anangondiyang'ana. Akuti, 'Ine mlandu ndilibe nanu. Amuna anga anali aliuma, ndikuwadziwa. Koma sanafike kuno. Thupi tinaika. Achibale anapita pamalo pa ngozipo kukatenga mzimu wawo monga mwa mwambo, anawaitana ndi dzina kuti tiyeni kumudzi. Ena onse amene anafa nawo anapita kwawo. Iwo ndimawalota ataima pambali pa galimoto, boneti ili yotsegula. Ndikati tiyeni, akuti ndikudikira amisiri.'"

Madzulo amenewo kuseri kunalibe mkangano. Ndinangomva amake Elube akufotokoza motsitsa.

"Ndiye kuti akufuna ntchito yake ithe," anatero a Makwinja.

"Musapiteko."

"Yatsala rileyi imodzi m'chitinimo. Ikatha imeneyo adzatenga chiyani?"

Loweruka m'mamawa ndinawaona akutuluka. Ananyamula batire paphewa, chikwama cha zipangizo m'manja, waya watsopano wofiira atamukulunga m'khosi ngati mkanda. Anaima pabenchi langa.

"Amake Ulemu, lija ndinakunamizirani za rileyi lija, mundikhululukire."

"Zinatha izo, bambo a Elube. Muyende bwino."

Anamuyang'ana Ulemu ngati akufuna kumugwira patsaya, koma anabweza dzanja.

Tsiku limenelo amake Elube sanakhazikike. Anachapa zovala zochapa kale. Masana anabwera kudzagula nsinjiro, akuti aphike futali, poti ndi chimene amuna awo amakonda, mwina akabwera adya, chifukwa panali patatha masiku akungotompha chakudya ngati mbalame. Ndinawaonjezera kapu ina ya nsinjiro.

Anabwera dzuwa litapendeka. Batire analibe. Manja anali okalikakalika ndi minga, thalauza itang'ambika pabondo, koma amayenda mowongoka, ndipo nkhope yawo inali yosalala ngati munthu amene malungo amusiya. Ndinati zatheka. Ndinalowa m'nyumba n'kukhala pafupi ndi khoma, ndipo ulendo uno ndivomere, ndinatchera khutu dala.

"Mwaipeza?"

"Ndaipeza. Ili yopendekera chammbali, pansi penipeni. Anthu anachotsa kale matayala ndi mipando ya kumbuyo. Koma mawaya palibe anawakhudza."

"Ndiye?"

"Ndiye ndagwira ntchito. Ndachotsa zonyansa zanga zonse zija. Timawaya ta mkuwa tija ndinatipeza titasungunuka, titamatirira. Ndakoka waya wonenepa kuchokera ku batire, ndaika fyuzi yeniyeni, kenako rileyi. Ndaimanga ndi bawuti, siigwedera. Swichi ndaipatsa kawaya kake kakang'ono, ingolamula basi. Ndapala chitsulo mpaka kuwala kuti ethi, yobweza moto, igwire. Tepi paliponse. Chiyambire ntchito imeneyi sindinamangepo mawaya okongola ngati amenewa."

"Nanga masipotiwo si anasweka?"

"Anasweka. Magalasi mulibe, mababu mulibe. Zangotsala zigoba."

"Ndiye mwayesa bwanji?"

"Ndinadina swichi." Anatsitsa mawu. "Inati tha. Anayaka onse anayi, ndi nyali zazikulu zomwe. Masana dzuwa lili pamutu, koma phompho lonse linayera mpaka ndinaphimba maso. Anyani anathawa m'mitengo."

Ndinamva amake Elube akuwomba m'manja, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. "Ambuye alemekezeke! Ndiye zatha, bambo a Elube. Zatha!"

Ulemu anasiya kuyamwa n'kutembenukira kukhoma.

"Nditatolera zipangizo, ndinapukuta manja," anatero a Makwinja pang'onopang'ono. "Chitseko cha kutsogolo, cha mbali ya wokwera, chinatseguka."

"Mphepo imeneyo."

"Chitseko chimene chija chinapindika pa ngozi. Anthu anachilephera ndi zitsulo."

"Ndiye mukuti chiyani?"

"Galimoto sinayesedwe."

Mbale inagwa pansi n'kuzungulira, kuzungulira, mpaka kuima.

"Munakwera?"

"Ayi. Ndinapempha. Ndinati, achimwene, ndiloleni ndikafike kaye kunyumba, sindinadye, ndiponso mayi sindinawatsanzike. Hutala inalira kamodzi. Chitseko chinatsekeka."

Apo ndiye mkangano unabuka, woposa wa tsiku loyamba lija. Amake Elube anakuwa kuti anyamuke pompo, apite ku Mulanje kwa amayi awo kumene kunali Elube, apite ku Mozambiki, kulikonse. Ndinamva akukoka sutikesi pansi pa bedi, akuponyamo zinthu.

"Ku Lunzu anandipeza. Ku Mulanje kuli mwana. Ukufuna akaime pa mpanda wa kumeneko?"

"Lamulo limenelo analemba ndani? Lili m'Baibulo? Si inu nomwe munalipanga ndi pakamwa panu pokonda kudzitamapo?"

"Ndi ine."

"Ndiye liphwanyeni!"

"Ndinaliphwanya kamodzi. Anthu asanu ndi awiri."

"Nanga ine? Nanga Elube? Mukuganiza za munthu wakufa, ife amoyo mutisiyira yani? Munthu wouma mutu inu! Ndinakuuzani pitani kumaliro, munakana. Ndinakuuzani musapite kuphomphoko, mwapita. Liti munandimverapo ine?"

Anawatukwana, anatukwana pulayala, anatukwana tsiku limene anakwatiwa ndi munthu wa mawaya. Ine ndinali nditamukumbatira mwana, ndikuyang'ana pa kampata ka pakati pa khoma ndi denga, pamene kuwala kwa dzuwa kunali kukufiira, kenako kuchita phulusa.

Amake Elube anali pakati pa mawu pamene kunja kunati tha.

Sikunali m'bokosi ulendo uno. Kunali pansi pa kesha.

Kuwala kunalowa paliponse. Pansi pa chitseko, m'mabowo a misomali kudenga, m'ming'alu ya zenera imene sindinkadziwa kuti ilipo. Kunali koyera kopanda kutentha, ndipo m'nyumba mwanga ndinaona chilichonse, ngakhale ulusi wa kangaude pakona. Injini sinamveke. Matayala sanamveke. Agalu a mdadada wonse, amene amauwa ngakhale njinga, anali chete. Panalibe khomo limene linatseguka. Ine sindinasuzumire, ndipo musandifunse chimene chinaima pansi pa mtengo uja, chifukwa sindikudziwa ndipo sindifuna kudziwa.

Hutala inalira kamodzi, mwaulemu, monga amachitira dalaivala amene wafika msanga ndipo sakufuna kuvutitsa eni nyumba.

Kuseri ndinamva bedi likulira, munthu akuimirira.

"Khalani pansi," anatero amake Elube. Mawu awo anali atasintha, ataphwa ngati thumba lotha ufa. "Munawauza kuti mukudzadya. Adikire. Adikira masabata atatu, alephera mphindi zingati?"

Ndinamva mphasa ikuyalidwa. Ndinamva chivundikiro cha poto, ndipo fungo la futali linakwera pamwamba pa khoma n'kusakanikirana ndi fungo la waya wopsa. Madzi anathiridwa m'beseni, a Makwinja anasamba m'manja nthawi yaitali, ngati akuchotsa girisi wa zaka zonse.

"Wachuluka uyu," anatero.

"Mumalize yense. Ndipo mudye pang'onopang'ono, ngotentha."

"Inunso bwerani, amake Elube. Khalani apa, pafupi."

Zaka ziwiri ndikukhala kuseri kwa khoma limenelo, ndinali ndisanawamvepo akuwatchula akazi awo kuti inu.

Mphasa inalira pamene mayiyo amakhala. Kuwala kuja kunali pomwepo, osaphethira. Kenako ndinamva masipuni awiri akugunda mbale imodzi.